Chitsamba chikapoletsa bala la khoswe, kodi chipoletsanso la munthu?

Chaka ndi chaka magazini a sayansi amasindikiza malipoti ambirimbiri onena kuti mafuta opaka ochokera ku chitsamba chakutichakuti adapoletsa mabala msanga. Ambiri mwa malipotiwa amalembedwa m'sukulu zaukachenjede za ku India, Ethiopia, Nigeria, Iran, Turkey ndi Brazil, ndipo zomera zomwe zimatchulidwamo n'zosachita kufunsa kwa Mmalawi: alovera, papaya, nimu, chamwamba, chisoso ndi mvunguti. Ogulitsa mankhwala azitsamba akamanena kuti katundu wawo adayesedwa ndi akatswiri, kawirikawiri amatsamira pa malipoti a mtunduwu. Chomwe sichimveka pa wailesi kapena pa Facebook n'chakuti odwala omwe adapola m'kafukufukuyo adali makoswe kapena mbewa zoyera za m'labotale, ndipo mabala awo adachita kuchekedwa dala ndi mpeni waukhondo.

Kafukufuku wotereyu si wachabe ayi, chifukwa mankhwala ambiri opaka pabala amadzera pomwepo asadafike m'chipatala. Vuto limabwera pomwe zotsatira zake zikutengedwa ngati chigamulo chomaliza. Munthu wa matenda a shuga yemwe ali ndi chilonda chosapola kuphazi, kapena mayi yemwe mwana wake wapsa ndi madzi otentha, akhoza kutaya masabata akupaka mafuta omwe umboni wake udathera pamsana pa khoswe, n'kukafika kuchipatala chilonda chitanyeka kale.

Bala limapola bwanji?

Khungu likachekeka, thupi limayamba ndi kutseka magazi: timitsempha timafinyika ndipo magazi amaundana m'mphindi zochepa. Kenako pabalapo pamafiira, pamatentha ndi kutupa kwa masiku angapo, pomwe maselo oyera a m'magazi akulimbana ndi mabakiteriya komanso kuchotsa mnofu wakufa. Zikatero pamamera mnofu watsopano wofiira, maselo ena amayamba kuluka ulusi wolimba wotchedwa kolajeni, uku khungu latsopano likukwawa kuchokera m'mphepete kulowera pakati. Gawo lomaliza, lolimbitsa chipsera, limatha kutenga chaka kapena kuposerapo, ndipo ngakhale litatha, chipseracho chimangofika pafupifupi 80 peresenti ya mphamvu ya khungu lomwe silidavulalepo.

Chitsamba chingathandize popha mabakiteriya, pochepetsa kutupa kopyola muyeso kapena pofulumizitsa kolajeni. Chingathenso kupha maselo atsopanowo, monga mmene utomoni wa nkhadze umaotchera khungu. Popeza zonsezi zimachitikira pamodzi m'thupi lamoyo, lokhala ndi magazi ndi chitetezo chake, maselo osungidwa m'mbale ya m'labotale sangayankhe funso lonse. N'chifukwa chake ofufuza amatembenukira ku nyama.

Kuchoka kutchire kufika m'kachitini

Ntchito imayamba ndi dzina. Chomera chimodzi chimatha kukhala ndi maina angapo m'boma limodzi, ndipo dzina limodzi limatha kuimira zomera zosiyana. Choncho wofufuza amatenga nthambi yokhala ndi masamba, maluwa kapena zipatso n'kupita nayo kwa katswiri wa zomera kuti akatsimikize dzina lake lachilatini. Nthambiyo imaumitsidwa, kupatsidwa nambala ndi kusungidwa kuti wina wokayika adzathe kuiona. M'dziko muno ntchito yotere ndi ya bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens lomwe likulu lake lili ku Zomba. Lipoti lopanda nambala imeneyi n'lokayikitsa kuyambira pa tsamba loyamba.

Masamba, makungwa kapena mizu amaziumitsa pamthunzi n'kuzipera kukhala ufa. Ufawo amauviika kwa maola 72 m'madzi, mu ethanol, kapena mu methanol wosakaniza ndi madzi, kawirikawiri magawo 80 a methanol ndi 20 a madzi. Akasefa, amaphwetsa zamadzizo pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 40 kuti mphamvu ya mankhwala isawonongeke, ndipo chotsala ndi phala lokhuthala, lochepa zedi poyerekeza ndi mulu wa masamba womwe adayamba nawo. Methanol ndi poizoni, ndipo amasungunula zinthu zina zomwe madzi a mumphika sangazitulutse. Apa pokha zikuoneka kale kuti chomwe chikuyesedwa n'chosiyana ndi chomwe sing'anga amapereka.

Phala la chitsambalo amalisakaniza ndi mafuta wamba kuti lizipakika. Ambiri amatsata muyeso wa m'buku la British Pharmacopoeia: pa kilogalamu imodzi pamakhala magalamu 850 a mafuta ofewa onga Vaseline, magalamu 50 a phula lolimba longa la kandulo, magalamu 50 a mafuta ochokera ku ubweya wa nkhosa ndi magalamu 50 a cetostearyl alcohol. Nthawi zambiri amapanga mitundu iwiri, wina wa 5 peresenti ndi wina wa 10 peresenti, kutanthauza magalamu 5 kapena 10 a chitsamba pa magalamu 100 aliwonse a mafuta. Asadawayese pabala, amayamba aona ngati ali ndi poizoni. Motsatira ndondomeko za bungwe la OECD, amapaka mamiligalamu ofika 2,000 pa kilogalamu iliyonse ya thupi pakhungu lometedwa la makoswe ochepa, n'kuwayang'anira kwa masiku 14 kuti aone ngati khungu lafiira, latupa, kapena nyama yafooka.

Mpeni, pepala ndi chitini cha madzi

Njira yodziwika kwambiri idafotokozedwa ndi Morton ndi Malone m'chaka cha 1972. Makoswe oyera, makamaka a mtundu wa Wistar olemera magalamu 150 mpaka 250, amagawidwa m'magulu a makoswe 6 kapena kuposerapo pang'ono. Aliyense amabayidwa mankhwala ogonetsa monga ketamine, amametedwa kumsana, kenako amachotsedwa kachikopa kozungulira kotambalala pafupifupi masentimita awiri ndi theka, ngati chitsekerero cha botolo. Limeneli ndi bala la masikweya milimita pafupifupi 500, ndipo silisokedwa. Gulu lina silipakidwa kanthu, lina limapakidwa mafuta wamba opanda chitsamba, lina mankhwala a m'chipatala monga nitrofurazone, povidone iodine kapena silver sulfadiazine, ndipo magulu otsalawo ndiwo amalandira mafuta a chitsamba tsiku ndi tsiku.

Pakapita masiku awiri kapena anayi aliwonse, wofufuza amaika pepala loonekera mkati pabalapo, n'kulemba mzere motsata m'mphepete mwake, kenako n'kuwerenga timabokosi pa pepala la masamu kuti adziwe kukula kwake. Masiku ano ambiri amangojambula chithunzi, kompyuta n'kuwerengera. Bala lomwe lidali 500 likatsika kufika pa 100, ndiye kuti latsekeka ndi 80 peresenti. Amalembanso tsiku lomwe nkhanambo yagwa osasiya malo aawisi.

Njira yachiwiri imayeza kulimba kwa chipsera. Khoswe amachekedwa mzere wautali kumsana, n'kusokedwa, ndipo pa tsiku la 10, ulusi utachotsedwa ndiponso nyama itagonetsedwa, mbali imodzi ya bala imapanidwa n'kumangiriridwa pamalo olimba, pomwe mbali inayo imalumikizidwa ndi chingwe ku chitini cholendewera. Madzi amathiridwa pang'onopang'ono m'chitinimo mpaka bala litayamba kung'ambuka, ndipo kulemera kwa madziwo ndiko muyeso wa mphamvu ya balalo. Pamapeto pa zonse nyama zimaphedwa mosamvetsa ululu, ndipo kachidutswa ka mnofu kamaunikidwa pa makina okuza zinthu. Amayezanso hydroxyproline, yemwe amapanga pafupifupi 13 peresenti ya kolajeni. Akachuluka ndiye kuti kolajeni nayenso wachuluka.

Palibe kubisa kuti nyamazi zimavutika. Kuyambira m'chaka cha 1959, pomwe William Russell ndi Rex Burch a ku Britain adalemba buku lawo la kasamalidwe ka nyama za m'labotale, mfundo yakhala yakuti pomwe pali njira ina nyama zisagwiritsidwe ntchito, pomwe palibe zikhale zochepa, ndipo ululu wake uchepetsedwe. Kafukufuku amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za chilungamo asadayambe. Komabe malipoti ambiri a zitsamba amafotokoza za mankhwala ogonetsa okha, osanenapo kanthu za mankhwala opha ululu m'masiku otsatira.

Msana wa khoswe si mwendo wa munthu

Chinyengo chachikulu chagona m'khungu lenilenilo. Khungu la khoswe ndi mbewa n'lotakasuka, limanyamuka ukalitsina, ndipo kunsi kwake kuli mnofu wopyapyala wotchedwa panniculus carnosus. Bala likachitika, m'mphepete mwake mumakokedwa kulowera pakati ngati kukamwa kwa thumba lomangidwa ndi chingwe, ndipo mbali yaikulu ya kutsekeka kwake imachokera m'kukokana kumeneku. Khungu la munthu n'lomamatira ku mnofu wa pansi, ndipo mnofu wopyapyalawo udangotsala m'malo ochepa monga m'khosi. Bala la munthu limapola makamaka podzaza ndi mnofu watsopano ndi kumeretsa khungu pamwamba. Tsono lipoti likanena kuti chitsamba chidatseka bala ndi 95 peresenti, nthawi zambiri likuyeza kukokana, komwe mwa munthu n'kochepa, ndipo kukachuluka, monga pa bala lamoto la pachigongono kapena pakhosi, kumapiringiza chiwalo n'kusiya chilema.

Pali kusiyana kwinanso. Ubweya wothithikana wa khoswe uli ndi mizu yambiri momwe mumachokera maselo a khungu latsopano. Khoswe amadzipangira yekha vitamini C, yemwe ndi wofunika popanga kolajeni, pomwe munthu ndi mbira amadalira chakudya. Kuonjezera apo, makoswe a m'labotale ndi aang'ono msinkhu, okhuta ndi athanzi. Bala lawo limapola lokha m'masabata pafupifupi atatu ngakhale osapakidwa kanthu, ndipo chomwe chitsamba chimachita ndi kudulako masiku ochepa. Chilonda chomwe chimasowetsa anthu mtendere ndi china: cha munthu wachikulire, wa shuga, wa magazi osayenda bwino m'miyendo, chodzaza mabakiteriya, chomwe chatha miyezi. Ofufuza ena amayesa kutsanzira zimenezi podwalitsa makoswe shuga ndi mankhwala a streptozotocin kapena pothira dala Staphylococcus aureus pabala, koma shuga wa masabata ochepa safanana ndi wa zaka makumi awiri.

Pofuna kuthana ndi vuto la kukokana, Robert Galiano ndi anzake ku New York adafotokoza m'chaka cha 2004 njira yosokerera kamphete ka silicone mozungulira bala la mbewa kuti khungu lisakokane, balalo lipole pomeretsa mnofu monga la munthu. Njirayi ndi yotchipa, koma malipoti ambiri a zitsamba akutsatabe ya 1972. Nyama yomwe khungu lake limayandikira kwambiri la munthu ndi nkhumba. M'chaka cha 2001, Tory Sullivan ndi anzake a pa University of Miami adayerekeza zotsatira za mankhwala a mabala pa nyama ndi pa anthu, ndipo adapeza kuti za nkhumba zidagwirizana ndi za anthu pa 78 peresenti, pomwe za tinyama ting'onoting'ono zidagwirizana pa 53 peresenti yokha. Kumeneku n'kungopitirira theka pang'ono. Koma nkhumba imadya kwambiri, imafuna khola lalikulu ndi dokotala wa ziweto, ndipo wophunzira wa digiri yachiwiri yemwe ali ndi miyezi yochepa ndi ndalama zoperewera amasankha khoswe.

Nkhumba yomweyo ndi yomwe idaulula chinthu china chofunika powerenga malipotiwa. M'chaka cha 1962, George Winter wa ku Britain adalemba m'magazini ya Nature kuti mabala a nkhumba omwe adaphimbidwa ndi pulasitiki adamera khungu mofulumira pafupifupi kawiri kuposa omwe adasiyidwa pamphepo kuti aume. Mpaka nthawi imeneyo ambiri ankakhulupirira kuti bala labwino ndi louma lokhala ndi nkhanambo. Tanthauzo lake n'lakuti mafuta wamba, opanda tsamba ngakhale limodzi, amathandiza kale bala posunga chinyontho. Chitsamba chiyenera kupambana mafuta wambawo. Kupambana bala losapakidwa kanthu si umboni. Palinso nkhani ya maso a woyeza. Mafuta a chitsamba amakhala obiriwira kapena oderako pomwe wamba ndi oyera, ndiye wolemba mzere m'mphepete mwa bala amadziwa gulu lomwe akuyeza, ndipo dzanja limatha kutsata mtima. Ndondomeko za ARRIVE, zomwe zidatuluka mu 2010 ndi kukonzedwanso mu 2020, zimafuna kuti lipoti linene ngati nyama zidagawidwa mwamaere komanso ngati woyeza adabisiridwa gulu. N'zopatsanso maganizo kuti mwa malipoti ochuluka chonchi, lonena kuti chitsamba chidalephera ndi losowa ngati mvula ya mu Ogasiti. Si kuti zitsamba zonse n'zamphamvu, koma kuti zolephera sizikonda kusindikizidwa.

Atayesa pa anthu

Alovera ndi chitsanzo chabwino cha mmene zinthu zimasinthira zikafika pa munthu. Pa makoswe wakhala akuonetsa zotsatira zokoma kwa zaka zambiri. Koma m'chaka cha 1991, Schmidt ndi Greenspoon ku America adamuyesa pa amayi omwe mabala awo a opaleshoni ya pamimba adavuta ndipo amayenera kupola osasokedwa. Mwa amayi 21 omwe adatsatidwa mpaka kumapeto, omwe adalandira chisamaliro cha masiku onse adapola m'masiku pafupifupi 53, pomwe omwe adaonjezeredwa alovera adatenga masiku 83. Kafukufukuyu adali wamng'ono, ndipo sakutseka nkhani. Bungwe la Cochrane litaunika mu 2012 kafukufuku 7 wokhudza anthu 347, lidati palibe umboni wapamwamba wotsimikizira kuti alovera amapoletsa mabala atsopano kapena zilonda zokhalitsa.

Papaya ali ndi mbiri yosakanikira. Lipoti la mu 1999 lochokera kuchipatala cha Royal Victoria mumzinda wa Banjul ku Gambia lidafotokoza mmene papaya wophwanya ankagwiritsidwira ntchito pa ana opsa ndi moto pofuna kuchotsa mnofu wakufa. Mphamvu yake imachokera ku papain, yemwenso amafewetsa nyama yolimba m'khitchini. Komabe mu 2008 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lidalamula kuti mankhwala opaka okhala ndi papain omwe adali osavomerezedwa asiye kugulitsidwa, kaamba ka malipoti a anthu omwe matupi awo adadana nawo moopsa. Chinanazi chidayenda ulendo wautali koma chidafika: mankhwala a NexoBrid, ochokera ku thunthu la chinanazi, adavomerezedwa ku Ulaya mu 2012 ndi ku America mu 2022 kuti azichotsera mnofu wakufa pa mabala akuya amoto, ndipo amapakidwa m'chipatala mokha, wodwala atapatsidwa mankhwala opha ululu.

Chitsanzo chomveka bwino cha mafuta a chomera omwe adadutsa masitepe onse ndi cha makungwa a birch, mtengo wa makungwa oyera wa m'maiko ozizira. Mafutawa ndi magawo 10 a ufa wotengedwa m'makungwawo ndi magawo 90 a mafuta a mpendadzuwa, basi. Adavomerezedwa koyamba ku Ulaya mu 2016 pa dzina la Episalvan, kenako pa dzina la Filsuvez mu 2022 ku Ulaya ndi mu Disembala 2023 ku America, pothandiza odwala epidermolysis bullosa, matenda obadwa nawo omwe khungu limachita matuza ndi kusupuka likangokhudzidwa pang'ono. M'kafukufuku wotchedwa EASE mudali odwala 223 ogawidwa mwamaere. Pofika masiku 45, bala lomwe lidasankhidwa lidatsekeka mwa 41.3 peresenti ya omwe adapakidwa mafuta a birch, poyerekeza ndi 28.9 peresenti ya omwe adapakidwa mafuta opanda makungwawo. Manambalawa akuonetsa zinthu ziwiri: mafuta opanda chitsamba adayenda limodzi ndi kupola kwa odwala pafupifupi atatu mwa khumi aliwonse, ndipo ngakhale mankhwala ovomerezeka sadatseke mabala a odwala oposa theka m'nthawi imeneyo. Wogulitsa wolonjeza kuti mafuta ake amapoletsa chilonda chilichonse m'sabata imodzi akulonjeza zomwe mankhwala oyesedwa mokwanira sadakwanitse. M'Malawi, udindo woyang'anira mankhwala, kuphatikizapo azitsamba ndi kutsatsa kwake, uli m'manja mwa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019.

Nanga ziweto?

Nthawi zina nyama si chida choyesera koma wodwala weniweni: ng'ombe yomwe goli laisupula pakhosi, bulu wa zilonda za pangolo, galu wolumidwa ndi mnzake. Apanso zotsatira za khoswe sizingangosamutsidwa. Mabala a amphaka amapola pang'onopang'ono kuposa a agalu. Akavalo ali ndi vuto lawolawo: bala la kumunsi kwa mwendo limakonda kumera mnofu wofiira wochuluka mpaka kutumphuka pamwamba pa khungu n'kulepheretsa kutseka, moti mafuta ofulumizitsa mnofu, omwe pa khoswe angayamikiridwe, pa kavalo akhoza kukulitsa vuto. Ziweto zimanyambitanso zomwe zapakidwa, ndiye mankhwala a pakhungu amasanduka akumwa. Mafuta a tea tree a ku Australia, omwe anthu ambiri amawaona ngati osaopsa, akhala akudwalitsa agalu ndi amphaka mpaka kunjenjemera ndi kulephera kuyenda akapakidwa osasungunula. Ndipo m'khola, mosiyana ndi m'labotale, muli ntchentche zoikira mazira pabala.

Za m'labotale ndi za pakhomo

Ngakhale patapezeka kuti chitsamba chili ndi mphamvu, chomwe chidayesedwa ndi phala loyezedwa mlingo, losakanizidwa mwaukhondo ndi kupakidwa pa bala lochekedwa ndi mpeni wopanda tizilombo. Tsamba lothyoledwa m'mphepete mwa msewu, lotafunidwa kapena kusinjidwa pamwala, limabwera ndi fumbi, malovu ndi dothi. Mphamvu ya chomera imasinthanso malinga ndi nthaka, nyengo, msinkhu wa mtengo ndi kasungidwe, moti chamwamba cha ku Nsanje sichingatsimikizidwe ndi lipoti la chamwamba cha ku India.

M'dothi ndi m'ndowe mumakhala Clostridium tetani, kachilombo koyambitsa kafumbata, komwe kamakonda mabala akuya osafika mpweya, monga obayidwa ndi msomali kapena minga, komanso mchombo wa khanda. Bala lotere likamatidwa ndi mafuta okhuthala lisadatsukidwe ndi madzi aukhondo ndi sopo, tizilombo timatsekeredwa mkati. Bala lolumidwa ndi galu limafunika kutsukidwa kwa mphindi 15 ndi kuthamangira katemera wa chiwewe tsiku lomwelo. Chilonda cha kuphazi cha munthu wa shuga, bala lamoto la kumaso, m'manja kapena lalikulu pa mwana, ndiponso bala lililonse lomwe layamba kununkha, kutuluka mafinya, kufiira mofalikira kapena kutenthetsa thupi, n'zofunika kuonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo, ndipo wodwala anene poyera chomwe wakhala akupaka.